Ndinakana Kuti Ndi Likodzo

Chizindikiro choyamba ndinachiona m'mawa wa Lachiwiri, sabata yoyamba ya Meyi, mvula itangoyamba kuleka. Ndinali m'munda wa labala pa esiteti ina kufupi ndi Chintheche, komwe ndagwira ntchito yocheka mitengo kwa zaka khumi ndi chimodzi. Nditamaliza mzere wachitatu ndinapatuka kukataya madzi, ndipo mkodzo unatuluka wakuda ngati tiyi wopanda mkaka amene wagonera m'ketulo. Pansi panatsala thovu losaphwa msanga. Ululu sindinamve. Ndinaima pang'ono n'kuuyang'ana, kenako ndinatola mpeni wanga n'kubwerera pamzere, chifukwa dzuwa likakwera utomoni suyendanso, ndipo kapitawo safuna kumva nkhani za mkodzo.

Dzina langa ndine Edina, kwathu ndi ku Mulanje. Bambo a ana anga awiri anamwalira kale, ndiye pakhomo mutu ndine. Ndikulemba izi chifukwa kuno kunyanja mkodzo wamagazi suopsa munthu. Ana amaseka nawo, akulu amangogwedeza mutu. Dzina lake ndi limodzi basi, likodzo, ndipo ukangoutchula aliyense amasanduka dokotala. Ine impso zanga zinatsala pang'ono kufa chifukwa cha dzina limeneli.

Woyamba kumuuza anali mnzanga Anyachirwa, mayi wa Chitonga amene amagulitsa usipa pafupi ndi malaini athu a antchito. Anaseka mpaka kugwira m'chiuno. Anati, “Ama, nyanja yakulandirani tsopano. Zaka zonsezi munali mlendo.” Nanenso ndinaseka. Lachisanu ndinapita ku chipatala chaching'ono cha kufupi ndi kwathu, anandiyeza msinkhu pa ndodo yodziwira kuchuluka kwa mankhwala, n'kundipatsa mapiritsi a likodzo oti ndimwe nditadya. Ndinamwa monga anandiuzira.

Sabata inatha, mkodzo osasintha. Sabata yachiwiri ndinayamba kudzuka nkhope itatupa, maso ngati ndalumidwa ndi njuchi, ndipo nsapato za jombo zimene ndinkavala mosavuta zinayamba kundithina. Chidebe cha utomoni chimene ndinkakwera nacho chitunda ndikuimba chinayamba kundiimitsa katatu panjira. Kenako kunabwera chifuwa. Poyamba chinali chouma, koma tsiku lina ndikutsuka makapu ndinatsokomola n'kuona timizere ta magazi m'makhololo. Apa ndiye ndinachita mantha.

Ndinabwerera kuchipatala kuja kumapeto kwa Meyi. Anandiyeza makhololo, chifuwa chachikulu sanachipeze. Anandiyeza kachirombo, sanakapeze. Za mkodzo anati mwina ndinabwereranso m'madzi nditamwa mankhwala, ndiye anandipatsanso mapiritsi omwe aja. Ndinawauza kuti ine m'nyanja sindisamba, madzi timatunga pamjigo wa kumalaini. Anangoti aliyense amatero. Ndinatuluka nditakwiya, koma ndinamwabe mankhwalawo, poti munthu wodwala umagwira chilichonse.

Chimene chinkandivuta n'chakuti likodzo ndimalidziwa. Ndinadwalapo ndili mtsikana kwathu, tikusewera m'mitsinje. Likodzo limaotcha pokodza, ndipo magazi ake amabwera kumapeto, ofiira, timadontho. Wangawu unali wakuda kuyambira poyamba mpaka pomaliza, wopanda ululu, ndipo ndinkaona ngati ukuchepa. Koma kuona ngati si umboni. Ife ocheka labala mtengo wodwala sitiudziwira kumasamba, timaudziwira m'kapu. Mtengo umene unkadzaza kapu ukayamba kupereka theka, kenako kungonyowetsa pansi, ndiye kuti mkati mwavuta ngakhale kunja ukuoneka bwino. Ndiye ndinatenga kakapu kakale kolandirira utomoni, ndinakatsuka bwinobwino, n'kuyamba kuyeza mkodzo wanga wa tsiku lonse. Ndinkalemba timizere ndi khala pakhoma la bafa.

Tsiku loyamba anakwana makapu asanu. Patatha masiku anayi anali atatu ndi theka. Sabata isanathe anali awiri, chonsecho madzi ndinkamwa monga kale, ndipo miyendo inali itatupa mpaka m'mawondo. Ukadina ndi chala pankatsala dzenje. Anyachirwa ataona khoma lija sanasekenso.

Lolemba, sabata yachiwiri ya Juni, ndinapita kachitatu. Ndinanyamula mabotolo atatu m'jumbo, lililonse la tsiku lake. Pamzere ndinakhala kuyambira m'mawa mpaka dzuwa pamutu. Nditalowa, adokotala omwe anandiona maulendo awiri aja anatsegula buku langa, anaona zimene analemba kale, n'kuyamba kulemba ndisanamalize n'kulankhula komwe. Sindikudziwa mphamvu zinachokera kuti. Ndinaika dzanja langa pabukupo n'kunena kuti, “Pepani adokotala, koma m'buku langa musalembenso likodzo.” Ndinatulutsa mabotolo aja n'kuwandandalika patebulo, lalikulu, locheperapo, ndi lachitatu limene mkodzo wake sunafike n'pakati pomwe.

Anandiuza kuti, “Mayi, mukuvuta. Panja pali anthu.”

Panjapo anthu analidi atayamba kung'ung'udza. Ine ndinatsika pampando n'kukhala pansi, pasimenti, miyendo yotupayo nditaitambasula. Ndinati sindichoka mpaka andiuze chifukwa chimene munthu womwa madzi ambiri akukodza pang'ono chonchi. Manyazi ndinali nawo, musaganize kuti ndinalibe. Mayi wamkulu, wa ana awiri, kukhala pansi ndi mabotolo a mkodzo pamaso pa mwamuna! Koma mantha anaposa manyazi.

Sindiwada adokotala aja. Anali okha, odwala ali mbwee, ndipo mwa anthu onse obwera ndi mkodzo wamagazi ambiri amakhaladi ndi likodzo. Anapumira m'mwamba, anatenga kapepala koyezera n'kukaviika m'botolo limodzi, anandiyeza kuthamanga kwa magazi, kenako anabwerezanso mkono winawo. Atatero anadina mwendo wanga, anandimvetsera pachifuwa, n'kulemba kalata yonditumiza ku chipatala cha boma tsiku lomwelo.

Kumeneko ndinagona masiku awiri. Magazi anaonetsa kuti impso sizikuchotsa zoipa m'thupi monga ziyenera, ndiponso kuti magazi enieniwo ndi ochepa kwambiri, moti anandiwonjezera. Atandijambula pachifuwa anapeza mapapo onse awiri ali ndi mitambo. Tsiku lachitatu anandikweza ambulansi ya ku Lilongwe, komwe kuli madokotala a impso. Anyachirwa anasiya usipa wawo n'kukwera nane ngati wondidikirira, ana anatsala m'manja mwa amayi a kutchalitchi kwathu. Za ulendowo ndimangokumbukira mabampu ndi kulephera kupuma ndikagona chagada.

Moyo wa m'wodi uli ndi dongosolo lake. Kukacha amakuyeza kulemera, kutentha ndi kuthamanga kwa magazi. Kenako okolopa amathamangitsa odikirira onse, ndipo mumadikira madokotala, amene amabwera gulu, kuima kumiyendo kwa bedi n'kumalankhula Chizungu cha pakati pawo. Madzi akumwa anandiwerengera. Mchere anandiletsa. Pansi pa bedi anandiikira jagi ya mizere yoti ndizikodzeramo, namwino azilemba kuchuluka kwake. Nditaiona jagiyo ndinaseka koyamba m'masabata ambiri, ndinati kodi ntchito imeneyi ndinaiyamba kale ine kwathu.

Amene ananditenga ngati wodwala wawo anali adokotala achizimayi, achitsikana ndithu, olankhula pang'onopang'ono. Iwo ndi amene anakhala pansi n'kundifunsa zonse kuyambira pa Lachiwiri lija, mpaka za ntchito yanga, za utsi wa kumene timaumitsira labala ndi mankhwala onunkha amene timathira mu utomoni. Tsiku lachiwiri anabwera ndi pepala n'kujambula. Anati mu impso muli timasefa tambirimbiri, ndipo kasefa kalikonse kali ndi kansalu kopyapyala zedi, kosaoneka ndi maso, kolukidwa ndi chinthu chotchedwa kolajeni. Kansalu ka mtundu womwewo kalinso m'mapapo. Nthawi zina, mwa anthu ochepa kwambiri, asilikali a m'thupi amasokonezeka n'kuyamba kumenya kansaluko ngati mdani. Kakang'ambika, magazi amadutsira mumkodzo ndi m'makhololo, ndipo timasefa timafa.

Ndinawafunsa ngati kansaluko kali ngati kachikopa kaja kamene kamakhala pakati pa khungwa ndi thupi la mtengo, kamene wocheka aliyense amaphunzitsidwa kusakakhudza ndi mpeni, chifukwa ukakavulaza mtengo umachita chipsera ndipo pamalopo sipatulukanso kanthu. Anandiyang'ana n'kunena kuti, “Ndi momwemo. Ndipo pamene pachita kale chipsera sitingabwezeretse. Tikulimbirana pamene patsala.”

Kenako ananena za kuyeza. Anati akuganiza kuti matenda anga ndi amenewa, koma kuti atsimikize pafunika kufufuza m'magazi mwanga ngati mulidi asilikali olimbana ndi kolajeni wa kansalu kaja. Kuyeza kumeneko pachipatalapo panalibe. Magazi anayenera kutumizidwa kunja kwa dziko, pa ndege, ndipo yankho likanatenga masabata awiri kapena kuposa. Mankhwala a matendawa ndi aukali, ena mwa iwo ndi omwe amapatsa odwala khansa, ndipo amamwedwa miyezi. Anati atha kuyamba msanga, koma sangandisunge pa mankhwala otero miyezi yonseyo mongoganizira. Anandisiyira pepala loti ndisaine Lolemba lisanafike, chifukwa magazi otumiza ankatengedwa Lolemba m'mawa.

Loweruka masana, nthawi yoona odwala, anafika achimwene anga aakulu, a Lasitoni, kuchokera ku Mulanje. Iwo ndiwo eni mbumba kwathu, ndipo chiyambire sindinawatsutsepo pa nkhani yaikulu. Anandipeza ndili ndi timapaipi ta mpweya m'mphuno. Anakhala pansi, anapukuta misozi, ndipo ndinaona kuti andimvera chisoni zenizeni. Koma atamva za magazi opita kunja nkhope inasintha.

Amene sanakhaleko kwathu sangamvetse. Kwathu nkhani ya anamapopa si nthabwala. Anthu anagonapo panja chifukwa cha mphekesera zimenezo, ndipo mpaka lero alipo amene amakhulupirira kuti magazi a munthu wosauka ali ndi msika kwinakwake. Achimwene ndi munthu wopemphera, wodziwa kuwerenga, koma pamenepa anaima nji. Anati magazi a m'banja lathu sakwera ndege. Anati akuwonjezera magazi uku akukuchotsa ena, iwe sukuona? Anati amayi kumudzi alamula kuti ndibwerere, kuli munthu wina kutsidya kwa malire amene amadziwa za kutupa kotere, ndipo galimoto apangana nayo kale ya Lamlungu.

Ndinayesa kufotokoza za kansalu kaja. Sanafune kumva. Anapita kwa namwino kukapempha pepala lotulutsira wodwala, namwino n'kuwauza kuti wodwalayo ndi wamkulu, mutu wake ukugwira, asankhe yekha. Anabwerera atafiira maso. Anati, “Edina, ndine ndinakulera bambo atamwalira. Lero ukufuna kundichititsa manyazi pamaso pa anthu achilendo?”

Mawu amenewo anandilasa, sindinama. Anandileradi. Koma ndinayang'ana pansi pa bedi, pajagi paja, pomwe mkodzo wa kuyambira m'mawa sunafike ndi pa mzere woyamba womwe. Ndinapempha Anyachirwa kuti andidzutse, ndinatenga cholembera, n'kusaina pepala lija achimwene akuona. Ndinati, “Achimwene, ulemu wanu ndi womwewo, sindinauchotse. Koma impsozi zili m'mimba mwanga, si za mbumba. Zikafa, ana anga adzalira ine, osati inu. Magazi apita.”

Anaimirira n'kunena kuti ngati ndi choncho, zikavuta ndisawaitane. Ndinayankha kuti zikavuta woitanayo sadzakhala ine. Anatuluka osatsanzika. Atangopita ndinalira kwambiri, mpaka chifuwa chinandigwira n'kutsokomola magazi pansalu. Anyachirwa anandipukuta pakamwa, kenako anati, “Mwachita makora, ama.” Ndiko kuti ndachita bwino, m'chilankhulo cha kumpoto kuno.

Lolemba m'mawa anabwera wa ku labu ndi kabokosi kozizira. Ndinkayembekeza kuti atenga botolo lalikulu. Anatenga kachubu kamodzi kokha, kotalika ngati chala changa, magazi osakwana masipuni awiri. Analembapo dzina langa, anandionetsa kuti ndione ngati lalembedwa bwino, n'kukaika m'bokosimo. Ndinati m'mtima, mkangano wonse uja ndi wa timagazi timeneti?

Adokotala sanadikire yankho. Anandiika diripi ya mankhwala amphamvu masiku atatu otsatizana, kenako mapiritsi, ndipo atandifotokozera kuopsa kwake anayambanso aja a khansa. Anandiuzanso chilungamo china chowawa: kuti kumaiko ena odwala otere amawalumikiza ku makina osefa asilikali oipawo m'magazi, koma thandizo limenelo iwo analibe. Anati tigwiritsa ntchito zimene zilipo. Ndinayamikira kuti sanandinamize.

Chifuwa chinayamba kumva mankhwala msanga. Pofika tsiku lachinayi magazi m'makhololo anachepa, ndipo sabata itatha anandichotsa timapaipi tija. Impso ndi zimene zinachita makani. Tsiku lachisanu mkodzo unachepa kuposa masiku onse, mseru unandigwira, m'kamwa munkamveka ngati ndatafuna chitsulo. Adokotala anati zikapitirira choncho masiku awiri andiyambitsa pa makina otsuka magazi, ndipo anandiuza poyera kuti pa matenda amenewa munthu akafika pa makinawo, kawirikawiri sachokaponso. Makinawo ali ku Lilongwe. Ntchito yanga, nyumba yanga ndi sukulu ya ana anga zili ku Chintheche. Ndinawerengera ndekha tanthauzo lake.

Pa bedi loyandikana nane panali mayi wina wa ku Salima, wamsinkhu wanga. Nayenso anayamba ndi mkodzo wakuda, nayenso anamwa mankhwala a likodzo, koma iye anakhala miyezi itatu kunyumba akudikira kuti asinthe. Sindikudziwa ngati matenda ake anali ofanana ndi anga, ndipo sindikufuna kunama. Chimene ndikudziwa n'chakuti anafika impso zitatheratu. Ankamutenga pa njinga ya odwala kupita ku makina, kubwerako ali lefu. Anali munthu wofatsa, wothokoza aliyense. Anandiuza kuti iye sakanatha kuchita zimene ndinachita ine ndi mabotolo, ati anaphunzitsidwa kuti kuchipatala sutsutsa. Anamwalira Lachinayi lina masana, mu sabata yanga yachitatu. Pofika madzulo pabedipo panali pagona wina.

Ine tsiku lachisanu ndi chiwiri chiyambireni mankhwala aja mkodzo unakwera pang'ono. Lotsatira unakweranso. Palibe chinthu chimene ndinachiyang'anirapo m'moyo mwanga ngati jagi imeneyo. Anyachirwa ankaitenga kupita nayo pawindo kuti aone bwino mzere, n'kubwera akuvina ndi mapewa, odwala ena n'kumaseka. Za makina adokotala anasiya kutchula.

Kudikira yankho kunali ntchito payokha. Tsiku lililonse madokotala akafika ndinkafunsa, ndipo tsiku lililonse ankati silinabwere. Namwino wina anafika pondipatsa dzina loti Mayi Zotsatira. Sindinakhumudwe, ndinkafunsabe. Amayi kumudzi ankaimba foni kwa Anyachirwa kufunsa ngati ndikadali moyo, koma ine osafuna kundilankhula. Masiku ena maganizo ankandipeza: bwanji yankho likabwera loti mulibe kanthu? Ndiye kuti ndadana ndi abale pachabe, ndamwa mankhwala oopsa pachabe, ndipo matenda anga alibe dzina.

Linabwera patatha masiku khumi ndi asanu ndi limodzi, Lachitatu. Adokotala anabwera okha ndi pepala, anakhala m'mphepete mwa bedi n'kunena kuti, “Tawapeza. Asilikali aja alimo, ndipo ndi ambiri. Mankhwala tikupereka ndi oyenera, tipitiriza.” Zimamveka zachilendo kuti munthu angasangalale pouzidwa kuti ali ndi matenda oopsa, koma ine ndinasangalala. Ndinapempha kuti dzina la matendawo alilembe m'buku langa lomwe lija, pansi pa pamene analemba likodzo kawiri paja, ndi zilembo zikuluzikulu. Analemba, akumwetulira.

Ndinatuluka m'chipatala kumayambiriro kwa Ogasiti, nditagona masabata asanu ndi awiri. Kuchira sikunali kokoma. Mankhwala anandifufumitsa nkhope ngati chitumbuwa, tsitsi linathothoka, njala inkandigwira ngati sindinadye sabata, ndipo kusamba kwa kumwezi kunaima osabwereranso. Chifukwa asilikali a m'thupi anali atagonetsedwa dala, kachilonda kakang'ono kankatenga nthawi, ndipo mu Okutobala chibayo chinandigonetsanso m'chipatala masiku asanu. Kumalaini anthu ananena zambiri. Ena ankati ndi kachirombo ndikubisa, ena ankati ndinapopedwa. Woyamba kundifunsa pamaso ndinamupatsa buku langa kuti awerenge yekha, ndipo ena onse anamvera kwa iyeyo.

Mwezi uliwonse ndinkakwera basi kupita ku Lilongwe kukayezedwa. Aja a khansa anandisiyitsa patatha miyezi itatu, enawo ankachepetsa pang'onopang'ono. Chaka chisanathe anatumizanso kachubu kena kunja, ndipo ulendo uno yankho linati asilikali oipa aja sakuonekanso. Nthawi imeneyi sindinapemphe chilolezo kwa wina aliyense.

Achimwene sanapepese, ndipo sindikudikira kuti apepese. Chaka chatha anatumiza thumba la nandolo ndi munthu wobwera kuno, popanda kalata. Ndinalandira, ndinawaimbira foni, tinakamba za mvula ndi za denga la amayi. Za magazi sitinatchule. Kwathu kupepesa kwina kumabwera choncho.

Lero papita zaka ziwiri. Impso zanga zimagwira ntchito pafupifupi theka, ndipo adokotala anandiuza kuti sizidzabwerera mwakale. Ndimamwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi tsiku lililonse. Usipa wa Anyachirwa ndimadya wosathira mchere, iwo n'kumadandaula kuti ndikunyoza nsomba. Mapiritsi opha ululu ogula pagolosale ndinasiya, ndi mankhwala azitsamba omwe, chifukwa impso zotsalazi sizifuna katundu wina. Kuntchito ndinabwerera, koma ndinakana kuyandikira kumene kuli utsi ndi mankhwala onunkha aja, ndipo kapitawo atayamba kuvuta ndinamuonetsa kalata ya adokotala. Ndimacheka mitengo yochepa kuposa kale. Ndimapita kokayezedwa miyezi itatu iliyonse osaphonya. Mwana wanga wamkulu ali ku sekondale, ndipo ndine ndimamuchapira yunifolomu.

Ulendo wathawu ndinafunsa adokotala achizimayi aja funso limene ndinkaliopa. Ndinati, ndikanamwa mapiritsi aja kachitatu n'kudikiranso, zikanatha bwanji? Sanazungulire. Anati sangalumbire, koma mmene magazi anga analili tsiku limene ndinafika, sabata imodzi yokha ikanakwana kumaliza timasefa totsalato.

Ndiye ndikukupemphani, makamaka inu anzanga a kunyanja kuno ndi a m'maesiteti. Likodzo lilipo, ndipo mankhwala ake imwani, amathandiza. Koma mukamwa osasintha, mkodzo ukakhala wakuda kapena wathovu, ukayamba kuchepa, nkhope ndi miyendo zikatupa, makamaka mukatsokomolanso magazi, musadikire mwezi wina. Bwererani sabata yomweyo. Nenani zonse, ngakhale zochititsa manyazi. Pemphani kuti akuyezeni mkodzo, magazi ndi kuthamanga kwa magazi. Akafuna kutumiza magazi anu kutali, funsani mafunso onse amene muli nawo, koma musalole mantha a munthu wina akusainireni pepala. Matenda anga ndi osowa, mwina inu simudzakumana nawo, koma impso zimafa mwakachetechete pa matenda ambiri, ndipo sizipweteka kuti zikuchenjezeni.

Adzakuuzani kuti mukuvuta. Apamzere adzang'ung'udza, abale adzakwiya, mwina ena adzasiya kukulankhulani. Vutani ndithu, mwaulemu koma osasuntha. Mayi wa ku Salima uja sanavutepo munthu ngakhale mmodzi, ndipo ana ake akuleredwa ndi ena. Ine ndinavuta, ndipo ndilipo.